Injini ya Volkswagen yopanda madzi: kuiwonjezera mphamvu koma osaiwotcha

Petulo akapsa m'silinda, mphamvu imene imafika ku matayala siikwana n'komwe theka. Pa injini zakale imakhala gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi basi, yotsala yonseyo imasanduka kutentha. Kutentha kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, kwina kumatsalira m'zitsulo, ndipo kotsaliraku kukapanda kuchotsedwa injini imafa. Galimoto zambiri zimakuchotsa ndi madzi ndi ladiyeta. Volkswagen Beetle, Kombi yakale ndi Porsche 911 yopangidwa mpaka 1998 zilibe madzi ngakhale dontho. Zimadalira mphepo ya fani ndi oyilo.

Tiyang'ane injini ya Beetle ya 1600, chifukwa ndi imene amakaniko ambiri padziko lonse amaikuza, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa siyachilendo: fakitale ya ku Uitenhage ku South Africa inapanga ma Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979. Ili ndi masilinda anayi ogona, awiri mbali iyi awiri mbali inayo. Pisitoni ndi ya mamilimita 85.5 m'lifupi, imayenda mamilimita 69, zonse pamodzi 1584 cc, ndipo mphamvu yake ndi ma horsepower pafupifupi 50. Kuifikitsa pa 100 si ntchito yovuta, zipangizo zake zili mbwee. Chovuta n'chakuti mphamvu ikawirikiza, moto wa mkati nawonso wawirikiza, pamene zipsepse za pa hedi (chivundikiro cha masilinda) zotayira kutenthako zikadali zomwezija. Choncho womanga wanzeru amayamba wafunsa kuti hedi ingathe kutaya kutentha kochuluka bwanji, kenako n'kumasankha mapisitoni.

Njira ya mphepo

Fani ili mkati mwa chikuto chachitsulo chimene chaima pamwamba pa injini, pa shafiti imodzi ndi jenereta, ndipo zonse ziwiri zimazunguzidwa ndi lamba mmodzi wochokera ku pulley ya crankshaft, shafiti yaikulu yozunguzidwa ndi mapisitoni. Fani imakoka mpweya wa m'chipinda cha injini, n'kuukankhira pansi kudutsa m'zipsepse za masilinda ndi mahedi, ndipo mpweyawo umatulukira kunsi kwa galimoto uli wotentha. Lita imodzi ya mpweya imanyamula kutentha kochepa kwambiri poyerekeza ndi lita ya madzi, kusiyana kwake kumaposa maulendo 3,000. N'chifukwa chake fani imayenera kukankha malita pafupifupi 600 pa sekondi iliyonse injini ikamazungulira pa 4,000 rpm, ndiye kuti maulendo 4,000 pa mphindi.

Mpweya wochuluka chonchiwu uli ngati madzi a m'ngalande ya kudimba: ukapeza pobooka umathawira pomwepo, bedi la kumapeto n'kutsala louma. Ntchito ya malata onse ozungulira injini ndi kuutsekera njira zachidule. Malatawo pamodzi ndi labala wozungulira chipinda cha injini amagawanso malo pawiri, kumtunda kozizira, kunsi kotentha. Labala ameneyu akang'ambika kapena lata lakumbuyo likasowa, mpweya wotentha wa kunsi ndi wa pa ekizozi umakwera, fani n'kuukokanso. Injini imakhala ikudzipepesera ndi moto wake womwe, mwini wake n'kumadabwa kuti fani ikuzungulira bwinobwino koma hedi ikupsa.

Tizinthu timene timaiwalika ndi tating'ono. Kunsi kwa masilinda, pakati pa awiriwo, pamakhala kalata kakang'ono kokanikiza pa ma stud (mabawuti aatali omangira hedi ku buloko), kamene kamakakamiza mpweya kuzungulira mimba ya silinda m'malo mogwa chogwera pansi. Kalataka kamalowa musanaike mapaipi a ma pushrod (timitengo tachitsulo tokankha ma valve) ndi hedi. Mukakumbukira hedi itamangidwa kale, mumasulanso. Pa waya wa pulagi iliyonse pali labala wotseka bowo la lata. Pa chikuto cha fani pali milomo iwiri yopititsa mpweya ku hita, ndipo ngati hita munachotsa, milomoyo itsekedwe, apo ayi mphepo yambiri ikungothera panja. Malata onyezimira a chrome ogula pamsika nthawi zambiri sakhala bwino, amasiya mipata m'mphepete. Lata lakale la ku fakitale lowongoledwa ndi kupakidwa penti yakuda yopyapyala limaposa.

Mkati mwa chikuto, cha kunsi, muli tizitseko tolumikizidwa ku thermostat imene ili pansi pa masilinda a kumanja. Injini ikazizira tizitsekoto timatseka kuti itenthe msanga, ikatentha timatseguka. Ambiri amatichotsa ponena kuti kuno n'kotentha kale. Kumeneko n'kulakwitsa pawiri. Injini yozizira imatha msanga, chifukwa petulo wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a silinda. Komanso tizitsekoto tikatseguka sitingokhala chabe, timawongolera mphepo ku mahedi kumene kuli moto weniweni. Ngati thermostat yasowa, tisiyeni momwemo koma mutimange totsegula.

Silinda yachitatu, imene ili kumanzere cha kutsogolo, ndi yotchuka ndi kupsa ma valve. Pa injini zopangidwa chisanafike chaka cha 1971, choziziritsira oyilo chinkaima mkati mwa chikuto mbali yomweyo, ndiye mpweya wopita ku silindayi unkafika wochepa komanso wofunda kale. Mu 1971 Volkswagen inachisunthira m'kachipinda kakekake kuseri kwa chikuto, kamene amakaniko amati doghouse, mpweya wake n'kumatulukira panja, ndipo inaikanso fani yokulirapo m'lifupi. Injini iliyonse yokuzidwa iyambire pa chikuto cha doghouse. Fani yopapatiza yakale ikalowa m'chikuto chimenechi imasiya mpata ndipo siikankha mokwanira, choncho ziwirizi zimayendera limodzi. Chenjeraninso ndi zikuto zotsika mtengo zimene mkati mwake mulibe timakoma togawa mpweya.

Fani imadya mphamvu, ndipo imadya mokwera: liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu imene imafuna imawirikiza maulendo 8. N'chifukwa chake a mpikisano wa mtunda waufupi amaika pulley yaing'ono kuti fani izungulire pang'ono. Kwa iwo zilibe vuto, mpikisano wawo umatha m'masekondi. Pa galimoto ya pamsewu pulley yotereyi imaphika mahedi. Pa injini yofika 6,000 rpm ndi kupitirira, timapiko ta fani tiwotcheredwe ndipo fani iyezedwe kuti isapendeke, chifukwa ya ku fakitale timapiko take ndi tongopindira ndipo timatha kuthothoka. Lamba akhale wolowa pafupifupi sentimita imodzi mukamudina ndi chala pakati. Ndipo popeza makabuleta awiri aakulu amapuma mpweya wa m'chipinda chomwecho chimene fani ikukokamo, chitseko cha injini chikhale ndi mipata yokwanira, kapena chikwezedwe pang'ono kumtunda kwake.

Kusankha zitsulo

Buloko ya injiniyi ndi ya magnesium, yopepuka koma yofewa, ndipo ili m'zigawo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti. Yakale isagwiritsidwe ntchito isanayezedwe. Malo okhala ma bearing a crankshaft, makamaka apakati, amaphwatalala ndi kugunda kwa zaka zambiri, ndipo amafunika kubooledwanso mu mzere umodzi n'kuikamo ma bearing okulirapo kunja. Yang'ananinso mng'alu kuseri kwa silinda yachitatu, mbali ya flywheel. Buloko yong'aluka pamenepo si yoikamo ndalama.

Kukuza kuli pawiri, pisitoni yaikulu kapena crankshaft ya mwendo wautali. Ndi crankshaft ya 69, pisitoni ya 87 imapereka 1641 cc, ya 90.5 imapereka 1776, ya 92 imapereka 1835, ya 94 imapereka 1915. Crankshaft ya 82 ndi pisitoni ya 94 zimafika 2276. Manambalawa amakopa, koma funso ndi lakuti khoma la silinda latsala lochindikala bwanji. Masilinda a 87 amalowa popanda kuboola buloko chifukwa anangowakumba mkati, khoma n'kupyapyala. A 92 wamba ndi chimodzimodzi, kunja kwake ndi kofanana ndi a 90.5. Khoma lopyapyala likatentha limapotoka, ma ring amasiya kugwira, moto umadutsa m'mphepete mwa pisitoni n'kukatenthetsa oyilo. Pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku, 90.5 ndiyo yodalirika, ndipo pa Kombi yolemera si nzeru kupitirira pamenepo.

Crankshaft ya ku fakitale ilibe zitsulo zoyezera kulemera, ndiye ikadutsa 5,000 rpm imapindika pakati n'kumamenya bearing yapakati ija. Injini yothamanga ikufunika crankshaft yokhala ndi zitsulozo, yolumikizidwa ku flywheel ndi timisomali 8 m'malo mwa 4. Nati yaikulu ya flywheel imamangidwa pafupifupi 300 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira nati), ndipo yofooka imasiya flywheel ikugwedera mpaka mabowo a timisomali atakula. Kusewera kwa crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo kukhale pakati pa mamilimita 0.07 ndi 0.13, kokonzedwa ndi mawashala atatu opyapyala. Crankshaft, flywheel, kilachi ndi pulley ziyezedwe pamodzi. Ya mwendo wautali imafuna kuti mkati mwa buloko musemedwe kuti ma rod asagunde, ndipo izi mumaziona pomanga moyeserera, kuzunguza ndi dzanja, kumasula, kusema, kumanganso.

Pamene ambiri amaphera injini ndi pa kompuresheni, ndiye kuti maulendo amene pisitoni imafinya mpweya ndi petulo. Ya ku fakitale ili pafupi ndi 7.5. Kuikweza kumapatsa mphamvu, koma ikapyola zimene petulo angapirire, petuloyo amaphulika yekha nthawi isanakwane, ndipo kugogoda kumeneko kumatenthetsa hedi ndi kuboola pisitoni. Pa injini yaphokoso ngati iyi simukumva n'komwe. Kompuresheni siyolota, imayezedwa. Pisitoni ikafika pamwamba penipeni, yezani mpata wotsala kufika pa mlomo wa silinda. Ukhale pakati pa milimita 1.0 ndi 1.5. Kenako gonekani hedi chagada ma valve ndi pulagi zili momwemo, vundikirani chibowo chake ndi pulasitiki yoonekera yokhala ndi kabowo, mataninso ndi girisi m'mphepete, n'kuthira oyilo wopepuka ndi sirinji mpaka thovu la mpweya litatha. Tinene kuti injini ndi ya 1776: silinda imodzi ndi 444 cc, mpata wa 1.2 umapereka 7.7 cc, chibowo cha hedi chalowa 52 cc. Phatikizani zitatuzi, mupeza 503.7, gawani ndi 59.7 (mpata ndi chibowo zokha), yankho ndi 8.4. Pa msewu, ndi camshaft (shafiti yotsegula ma valve) yapakatikati, pakati pa 8 ndi 8.5 ndi pabwino. Zibowo zonse zinayi zifanane.

Pali msampha pamenepa. Wina akaona kompuresheni yakwera amangowonjezera mawashala pansi pa silinda mpaka mpata ufike mamilimita awiri kapena atatu. Nambala imatsika ndithu, koma mpata wochepa uja ndi umene umafinya mpweya ndi petulo kuchoka m'mphepete kupita pakati kuti zipse msanga. Ukakula, moto umayaka mwaulesi, kutentha kwambiri n'kutsalira m'hedi. Njira yoyenera ndi kusunga mpata wochepa n'kukuza chibowo cha hedi.

Camshaft ya nthawi yaitali, monga Engle W120, imatseka valve yolowetsa mochedwa, ndiye imapirira kompuresheni yokwererapo koma mphamvu yake ili kumtunda kwa ma rpm. W110 ndi yofatsirapo. Camshaft yaikulu pa kompuresheni yochepa imapereka injini yaulesi, yaing'ono pa kompuresheni yokwera imagogoda. Mahedi okuzidwa nthawi zambiri amakhala ndi ma valve a mamilimita 40 ndi 35.5, pamene a ku fakitale ndi 35.5 ndi 32. Musanamange hedi iliyonse, ikwezeni kudzuwa muyang'ane pakati pa zipsepse, makamaka pafupi ndi potulukira utsi. Timipata tambiri timakhala totsekeka ndi zotsalira za chitsulo chosungunula, ndipo kutibowola ndi tupa woonda ndi ntchito ya masana amodzi imene imaposa zokongoletsa zonse. Mahedi ena a mpikisano ali ndi zipsepse zochepa kuposa a ku fakitale, pamsewu sayenera.

Aluminiyamu ya hedi imafutukuka kwambiri kuposa chitsulo cha ma stud, choncho injini ikatentha ma stud amakokedwa. Akakhala omangitsa, amazula mazinga m'buloko yofewa ija, hedi n'kuyamba kupuma. Ma stud a mamilimita 8 olowa m'tizitsulo tolimbitsa mazinga amatamuka bwino kuposa a 10. A 8 amamangidwa 25 Nm, a 10 amamangidwa 32 Nm, mopingasa ndi pang'onopang'ono. Kuwonjezera apo poganiza kuti mukulimbitsa n'kumene kumazula.

Petulo ndi moto

Injini yomangidwa bwino ikhoza kupsabe chifukwa cha kabuleta ndi distributor. Petulo amapsa yense akasakanizidwa ndi mpweya wolemera kumuposa maulendo 14.7, koma injini ikamakoka mwamphamvu imafuna petulo wochulukirapo, pafupifupi 12.5 mpaka 13, chifukwa wapamwambayo amaziziritsa mkati. Ma jet (timabowo tolowetsa petulo m'kabuleta) aang'ono, kapena kabowo kolowetsa mpweya pa labala wa manifold, zimachepetsa petulo, ndipo hedi ya mbali imeneyo imatentha yokha. Makabuleta awiri monga Weber IDF, Dellorto kapena Kadron amagawa bwino kuposa imodzi yapakati, bola ayezedwe kuti azitseguka mofanana. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, amene amafuna mpweya wochepa kuti apse, ndiye ma jet osankhidwira petulo wosasakaniza akhoza kuchepa. Ethanol amadyanso mapaipi a labala akale. Paipi ya petulo yothothoka pamwamba pa buloko ya magnesium ndi moto umene madzi sauzimitsa.

Nthawi ya moto isayezedwe injini ikungolira payokha. Ikwezeni kupitirira 3,000 rpm, pamene distributor yafika pamapeto pofulumiza moto, paipi ya vacuum itachotsedwa, ndipo muone kuti moto ukuyaka madigiri a kuzungulira kwa crankshaft pakati pa 28 ndi 32 pisitoni isanafike pamwamba. Kupyola apo ndi kugogoda. Kuchepera kwambiri, moto umatuluka ukuyakabe n'kukawotcha valve ya utsi.

Oyilo

Injiniyi imanyamula malita 2.5 okha ndipo ilibe fyuluta, ili ndi kasefa kawaya basi. Yokuzidwa imabooledwa kuti oyilo akachoka pa pampu azituluka panja, adutse m'fyuluta, n'kubwerera. Pa njira yomweyo mukhoza kuikapo choziziritsira chachiwiri, chokhala ndi thermostat yotseguka pa madigiri Celsius pafupifupi 80, ndipo chiikidwe kumene kuli mphepo yakeyake. Kuchipachika pakamwa pa fani, monga ena amachitira, n'kubwezera vuto la silinda yachitatu lija ku masilinda onse anayi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kavalve kotumiza oyilo ku choziziritsira cha ku fakitale sikamva kutentha, kamamva kukankha. Oyilo akakhala wozizira ndi wolimba amakankha kwambiri, kavalveko n'kumulambalalitsa. Akatentha n'kupepuka, amadutsa m'choziziritsira. Ndiye mukaika pampu ya mamilimita 30 pa buloko yatsopano imene ikanakwanira ndi ya 26, kapena oyilo wolimba mopyola, kukankha sikutsika ndipo oyilo amalambalala choziziritsira ali wotentha. Geji imaonetsa nambala yosangalatsa pamene oyilo akupsa. Kukankha kwa pafupifupi 0.7 bar pa 1,000 rpm iliyonse, injini itatentha, n'kokwanira. Sampu yowonjezera kunsi imathandiza kuti pampu isamwe mpweya pokhota, koma siiziziritsa, imangochedwetsa kutentha, ndipo pa msewu wa miyala ndi imene imayamba kugunda pansi.

Oyilo akhale pakati pa madigiri 80 ndi 110. Pa 120 pali chimene chalakwika. Koma oyilo wozizira si umboni wakuti hedi ili bwino. Pa injini iyi oyilo wofika ku hedi ndi wochepa, wongodontha kuchokera m'ma pushrod, choncho choziziritsira chachikulu chingatsitse oyilo pamene hedi ili pa madigiri 220. Geji ya hedi, ya kawashala kolowa pansi pa pulagi ya silinda yachitatu, ndi yofunika kuposa ya oyilo. Poyenda wamba ionetse 150 mpaka 175. Ikakhalitsa pamwamba pa 200 aluminiyamu imafewa, mpando wa valve umamira kapena kugwa, ndipo pakati pa valve ndi bowo la pulagi pamang'aluka.

Porsche inalimbana ndi malire omwewa ndi ndalama zambiri. Pa 911 inaika fani ya mtundu wina pamwamba, thanki yapadera ya oyilo wambiri, ndipo pa Carrera RS 2.7 ya 1973 inaika masilinda a aluminiyamu okutidwa ndi Nikasil, chifukwa aluminiyamu imataya kutentha msanga kuposa chitsulo chakuda. Galimoto yawo ya 917, ya masilinda 12 oziziritsidwa ndi mphepo, inapambana mpikisano wa ku Le Mans mu 1970 ndi 1971. Koma atafuna ma valve anayi pa silinda, malo odutsa mphepo anasowa, ndipo pa 935 ya 1978 komanso pa 959 mahedi anakhala a madzi, masilinda okha n'kutsala a mphepo.

Kuilitsa koyamba

Musanaike mapulagi, zunguzani ndi sitata mpaka nyali ya oyilo izime. Ikalira, isakhale pa idle: igwireni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20 kuti camshaft ndi ma lifter zizolowerane, ndipo oyilo wake akhale wokhala ndi zinc wokwanira. Kenako tsanulani oyiloyo. Mawa lake, injini itazizira ndithu, yezani ma valve: mamilimita 0.15 ngati ma pushrod ndi a aluminiyamu, pafupifupi ziro ngati ndi achitsulo, chifukwa achitsulo satalika mofanana ndi injini ndipo mpata umabwera wokha ikatentha. Lembani zimene mwapeza nthawi iliyonse. Valve ya utsi imene mpata wake ukungochepa ulendo uliwonse ndiye kuti ikutamuka kapena mpando wake ukumira, ndipo hedi ichotsedwe mutu wa valve usanaduke n'kugwera pa pisitoni.

Poyendetsa, kumbukirani kuti mphepo imatsata ma rpm a injini, siitsata liwiro la galimoto. Kukwera chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre mu Okutobala muli pa giya yachinayi, phazi lili pansi, ndiye kuti moto ndi wochuluka pamene fani ikuzungulira mwaulesi, tsitsani giya. Matayala aatali ndi magiya aatali amachita chimodzimodzi. Pa misewu ya fumbi, oyilo wodontha amagwirana ndi dothi n'kutseka zipsepse, ndiye kudontha kulikonse kukonzedwe msanga. Injini itazima, pisani dzanja kuseri kwa chikuto mufufuze pakamwa pa fani, poti kansanza kapena jumbo yokokedwa pamenepo imatseka mphepo popanda phokoso. Ndipo nyali yofiira ya jenereta ikayaka muli pa ulendo, imani pomwepo muone lamba. Akaduka, fani yaima, ndipo mahedi sapirira kupitirira mphindi zochepa.